Kusambitsa Disiki ya Pamakwerero

"Awa sindisambitsa, Abbaji. Tamverani nokha momwe ikulirira."

Sabahat adalumikiza disiki ija ku kompyuta n'kuikweza pafupi ndi khutu la apongozi ake. M'katimo mudamveka tiki, tiki, tiki, ngati nkhuku ikujompha mbale yopanda kanthu.

A Haji Ilyas adakankhira dzanja lake kumbali. Thumba la madisiki adali atakwera nalo okha mpaka kuchipinda chapamwamba, ndipo wefuwefu adali asanawathere.

"Kulira n'chiyani? Inenso mawondo angawa amalira, koma kusitolo ku Hall Road ndimafika tsiku ndi tsiku. Sambitsa, umate pepala, tikagulitse."

"Wogulayo akangofika kwawo ikafa."

"Siikafa msanga. Ndipo awa si a m'makompyuta a ana asukulu oti mawa abwere kudzatukwana pasitolo. Awa akupita m'makamera. Ndani amaonera zimene kamera yajambula? Munthu amapachika kamera, kanyali kofiira kakayaka, basi mtima m'malo. Chaka chimatha osatsegulako. Tsiku lodzabwera wakuba n'kupeza kuti mulibe kanthu, tidzati ndi magetsi. Mu Lahore muno ndani angawaikire kumbuyo magetsi?"

Kusambitsa adali mawu a m'nyumba imeneyi. Madisiki ankabwera m'makontena kuchokera kunja atatopa kale ndi ntchito. Disiki iliyonse ili ndi kapulogalamu kake m'kati, kamene amisiri amati femuweya, ndipo imasunga mbiri yake yonse: yazungulira nthawi yaitali bwanji, yadwalapo kangati, mabala ali pati. Ntchito ya Sabahat idali yolembamo femuweya ina ndi kufufuta mbiriyo, kuti nkhalamba ituluke ili khanda. Luso lake adamuphunzitsa malemu mwamuna wake, Mudassar, kuti azichizira limodzi madisiki odwala. Mudassar atamwalira, kuchizako kudapita naye kumanda, kudatsala kusambitsa.

"Mudassar sakadalola," adatero Sabahat chapansipansi.

"Mudassar ali kwa Mwini wake, ndipo roti amene ukudyayo akugula ndine."

Pakhomo padatulukira Nighat, mkazi wa Tauqeer, mng'ono wa malemuyo. Adanyamula kapu ya tiyi wamkaka wa apongozi ake, koma chimene chidamukweza makwerero sichidali tiyi.

"Bhabhi ayambanso ulaliki?" adafunsa, kumutchula monga amatchulira mkazi wa mkulu m'banja. "Ife tikupsa ndi moto kukhitchini, iwo ali phee pansi pa fani, kutekenya timawaya. Ukakhala pamsana pa njovu usamati kunja kulibe mame, Bhabhi. Akazi amasiye anzanu akutsuka mbale m'nyumba za eni."

"Ndikadatsuka mbale ndikadagona tulo, Nighat."

"Ndiye pitani mukatsuke," adatero a Haji akupsontha tiyi. "Geti silidakhomedwe. Alongo ako ali ku Sheikhupura, basi ikupita kawirikawiri. Koma Areeba ndi magazi a nyumba ino. Kalata yake yobadwira ili m'kabati mwanga, sukulu ndikulipira ndine. Iwe udabwera ndi sutikesi, udzapita ndi sutikesi."

Mkangano uliwonse unkathera pamenepa, monga ngalande zonse za mumsewu mwawo zinkathera m'dzenje limodzi. Areeba, mwana wamkazi wa Sabahat, adali ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Nthawi imeneyo adali pansi pa tebulo, akumanga nyumba ndi madisiki akufa a m'bokosi lachitsulo, ndipo adasiya kusewera kuti amve yankho la amayi ake.

Sabahat adakoka thumba lija nalimasula.

Potsika, a Haji adadutsa pansi pa kamera yawo ya m'nyumba. Kamera imeneyi adaipachika sabata imene adaika Mudassar, amvekere ndi ya akuba. Koma wakuba amalowera kugeti, pomwe diso la kamerayo lidali pa makwerero ndi chitseko cha Sabahat. Sabata yomweyo adachotsanso mpiringidzo wa chitsekocho, ati mkazi wamasiye wodzitsekera ndiye kuti ali nacho chobisa.

Patapita milungu iwiri kudali ukwati wa mwana wa msuweni wa a Haji kutsidya kwa mtsinje, ku Shahdara. Nyumba yonse idanyamuka m'mawa, Areeba atavala diresi lonyezimira. A Haji adauza Sabahat kuti atsale. Ati madisiki akufunika Lolemba, komanso nkhope ya wamasiye siikometsa zithunzi.

Dzuwa lili paliwombo adamva njinga yamoto ikuima kunja, kenako mapazi pamakwerero. Chitseko chidatseguka popanda odi. Adali Tauqeer, chipewa cha panjinga chili m'khwapa, akununkhira mafuta a kuukwati.

"Ndaiwala mphatso ya akwati," adatero.

"Mphatso ili pansi, pa kabati."

"Ndaiona." Adatseka chitseko ndi chidendene. "Bhabhi, mudzalira mpaka liti? Achimwene adapita. Munda ukasowa wolima umamera thengo, ndipo khasu lili m'nyumba momwemuno."

"Tuluka, Tauqeer. Ndine mkazi wa mkulu wako."

"Munali."

Adamugwira mpango n'kukoka. Sabahat adagwera patebulo, ndipo dzanja lake lidapeza chowotcherera mawaya chili chiyakire. Sadaganize kawiri. Adachikanikiza pamkono pa Tauqeer mpaka kudamveka fungo la nyama. Mnyamata adakuwa ngati mbuzi, natsika makwerero akuvala chipewa chake chophimba nkhope yonse.

Sabahat adakhala pansi mpaka mzikiti udaitana swala ya masana. Banja litabwerako sadanene kanthu. Adadziwa kuti m'nyumba muno mawu ake ndi opepuka kuposa mankhusu, ndipo ankaopa. Tauqeer adabwera atamanga bandeji, akutukwana paipi ya utsi ya njinga yake.

Koma msewu uli ndi maso. Mayi wa nyumba yoyang'anana nayo adauza Nighat pogula ndiwo kuti tsiku la ukwati mwamuna wa chipewa cha njinga adalowa kwa a Haji, natuluka chothamanga. Pofika Lachitatu nkhani idali itafika kumzikiti isanafike kwa mwini nyumba, ndipo palibe chimene chimawawa a Haji kuposa kumva za kwawo pamalo ovulira nsapato.

Adaitanitsa onse pabwalo lam'kati.

"Ndani adalowa m'nyumba mwanga?"

"Utsi sufuka popanda moto, Abbaji," adatero Nighat. "Ine ndinkadabwa, munthu wamasiye kukana kutsika, tsiku lonse pafoni. Ati akufunsa amisiri anzake za mafemuweya. Amisiri ake ndi amenewo, ovala zipewa."

"Adalowa ndi Tauqeer," adatero Sabahat. Mawu adatuluka okha, ndipo atatuluka mantha adachepako. "Adandigwira. Mufunseni chidamuwotcha n'chiyani."

"Ine?" Tauqeer adadzigunda pachifuwa ndi dzanja labwinolo. "Ine ndidali kugawa biriyani, anthu mazanamazana adandiona! Abbaji, mkazi ameneyu akufuna kutiphera nyumba. Wagwidwa, ndiye akufuna womira naye."

"Masula bandejiyo."

"Iwe, usalamule mwamuna wanga!" Nighat adalumphira pakati pawo. "Wadya wako, tsopano ukufuna wanga?"

"Chete!" A Haji adamenyetsa ndodo pansi. "Ine sindiweruza ndi malovu a akazi. Ndili ndi mboni yosadya chiphuphu. Tiyeni."

Adawatsogolera ku kabokosi kosungira zithunzi za kamera, kamene kankakhala pamwamba pa firiji. Kanyali kofiira kadali kuyaka bwinobwino. Atadina kuti aonere za tsiku la ukwati, sikirini idangoti bii. M'kabokosimo mudamveka tiki, tiki, tiki.

Sabahat adatsitsa kabokosiko natsegula. Pa disikiyo padali pepala lonyezimira lomwe adamata yekha.

"Mudassar adasiya yatsopano yeniyeni, ndiyo tidaika m'kabokosi aka. Ili kuti?"

A Haji adakanda ndevu. "Kudabwera kasitomala wovuta miyezi yapitayo, wodziwa zinthu. Ndidampatsa imeneyo. Kuno ndidaikako ina."

Tauqeer adapumira m'mwamba, mpaka mapewa adatsika. Sabahat adamuona.

"Nditha kuidzutsa," adatero. "Yajambula mpaka posachedwa, zithunzi zikadalimo. Ndipatseni nthawi."

"Kuti uikemo zako? Ndikudziwa manja akowo, amasandutsa gogo kukhala namwali." A Haji adatambasula dzanja. "Bweretsa foni. Disiki izigona m'kabati mwanga. Ukamaikonza, ine ndizikhala pambali pako. Ikakanika kuyankhula pofika Lachisanu la sabata la mawa, ndiitana alongo ako adzakutenge. Areeba kuyambira lero azigona kwa Nighat."

"Ammi!" adalira mwanayo Nighat akumukoka.

"Pita, mwana wanga. Ndikuchiza kaye disiki."

Masiku otsatirawo sitolo adaisiyira Tauqeer. A Haji ankakwera m'mawa ndi disiki m'thumba la malaya, n'kukhala pampando wa Mudassar, mikanda yawo ya pemphero ikuyenda m'zala. Sabahat adafufuza m'bokosi la akufa mpaka adapeza disiki ya mtundu womwewo. Adachotsa bolodi lake lobiriwira, nasamutsirapo kachipu kosunga nzeru za disiki yodwalayo ndi chowotcherera chomwe chija, kenako nalimangirira pa yodwalayo. Kulira kudachepa, koma disiki idakanabe kudzitchula dzina pa kompyuta.

"Yafa imeneyo," adatero a Haji. "Ukungochedwetsa maliro."

"Siidafe. Yasokonezeka mutu. Ndidaiuza kuti ilibe bala ngakhale limodzi, ndiye ikaponda pabala sikudziwa kuti yaponda chiyani. Ndiyenera kuibwezera femuweya yoona, ivomere matenda ake."

"Kodi si iwe udainamiza?"

"Ndine. Mudandituma ndinu."

"Wotumidwa amakananso."

"Ndidakana, Abbaji. Mudandionetsa geti."

A Haji adayang'ana kuwindo, kumene ana a anthu ena ankaulutsa makaiti pamadenga.

Tsiku lina Sabahat atatsika kukamwa madzi adapeza Nighat yekha kukhitchini akukanda ufa. Sadayang'anane.

"Areeba akudya?"

"Akudya pang'ono. Amalira pogona." Nighat adamenya ufa uja ndi chibakera. Kenako adati, mawu ali pansi, "Balalo ndimatsuka ndine. Paipi ya njinga imawotcha mwendo, ndipo bala lake limakhala lotambalala. Ili n'lowonda ngati pensulo."

"Ndiye bwanji sukunena?"

"Ndinene kuti ndipite kuti? Kwathu adagulitsa malo kuti andikwatitse kuno. Ndili ndi mimba, Bhabhi. Iweyo ukachoka, nyumba itsala. Iyeyo akachoka, denga ligwera ine." Adapukuta mphuno ndi mkono. "Disiki yakoyo isadzuke. Ndikupemphera kasanu patsiku kuti isadzuke."

Lachinayi masana Sabahat adayamba kulemba femuweya. Ntchito imeneyi siifuna kudukiza, magetsi akazima ili pakati disiki siidzukanso mpaka kalekale. Batire la m'nyumbamo nalonso lidali la m'kontena, losambitsidwa mwa njira yake. Kamzere kobiriwira kadayamba kukwawa pa sikirini. Kali pakati, fani idazima ndipo batire lidayamba kulira ngati mwanapiye. Sabahat adazimitsa nyali, nazula chilichonse chodya moto, natsala akuyang'ana kamzereko thukuta likugwera m'maso. M'moyo wake adali asanapempherepo ngati mmene adapempherera kamzere kameneko.

Kadafika kumapeto. Disiki idazungulira, idakhosomola kamodzi, kenako idadzitchula dzina lake ndi zaka zake zenizeni.

Magetsi atabwera adatsegula za tsiku la ukwati. Zithunzi zidali zodukaduka, koma zooneka. Makwerero opanda munthu. Kenako Tauqeer akukwera, chipewa m'khwapa, malaya ake a kuukwati, akudzikonza tsitsi. Chitseko chikutsekeka. Kenako Tauqeer akutuluka atagwira mkono, kukamwa kuli yasa, ndi Sabahat pakhomo, mpango utang'ambika, chowotcherera chili m'manja.

Sabahat adalira. Adalira ndi chimwemwe, osabisa, ngati munthu amene watula mtolo wa nkhuni.

"Mwaona, Abbaji? Mwaona?"

"Bwezera."

Adabwezera. A Haji adaonera kachiwiri, mikanda itaima m'zala. Nkhope yawo idakalamba pomwepo, ndipo Sabahat adawamvera chisoni, chifukwa kubala chinthu chotere n'kowawa.  Kenako adadzuka, nakasuzumira pamakwerero, natseka chitseko.

"Uli ndi manja abwino, mwana wanga," adatero. "Tsopano isambitse."

Sabahat adaganiza kuti sadamve bwino.

"Isambitse. Zithunzi, mbiri, zonse. Ituluke ngati sidaonepo kanthu."

"Abbaji, imeneyi ndi mboni yanga. Mudati yosadya chiphuphu."

"Yachitira umboni kwa ine, ndamva. Ukufuna ichitirenso kwa yani? Kumzikiti? Kupolisi? Ndidali ndi ana aamuna awiri, wina ndidamukwirira ndi manja angawa. Watsalayu ndi galu, ndaona, koma ndi amene adzanyamule maliro anga. Khoswe akakhala pamkhate sapheka."

"Ndiye mkhatewo ndi dzina lanu. Nanga langa?"

"Dzina la mkazi limachapika. Pakapita chaka anthu aiwala."

"Mukawauza chiyani?"

"Kuti disiki idakanika, magetsi adaiwononga. Kuti popanda umboni sindingathamangitse mayi wa mdzukulu wanga. Kuti ndakukhululukira."

"Mwandikhululukira." Sabahat adaseka, kuseka koipa. "Mwana wanu andigwire, inu mundikhululukire ine? Ndizidutsa mumsewu muno anthu akuloza kuti uyo ndi uja a Haji adamuchitira chifundo?"

"Uzidutsa uli ndi mwana wako kudzanja. Sankha. Ukakana, disiki iyi ndikaiponya mumtsinje wa Ravi ndi dzanja langa, mawa alongo ako abwera, ndipo uwafotokozere wekha za mwamuna wa chipewa. Ukhoza kupita kukhoti, inde. Milandu ya ana kumeneko imatha mwana atakwatiwa, ndipo woweruza adzamva kaye zimene msewu wonse ukunena. Ukavomera, Areeba agona muno lero."

"Bwanji osangoiponya mumtsinjemo? Bwanji mukufuna ndichite ineyo?"

"Chifukwa ukafufuta wekha sudzanenanso kuti padali kanthu." Kenako adaonjeza, "Komanso ikuzungulira bwino tsopano. Kutaya katundu ndi tchimo."

Sabahat adayang'ana disiki ija. Idali yofunda ngati chamoyo. M'nyumba yonseyi ndi yokhayo imene idaona n'kunena zoona, ndipo adaidzutsa yekha kwa akufa. Adaganiza zoinyamula n'kuthawa nayo, koma pansi pa makwerero padali Nighat, kunja kwa geti kudali msewu umene udamuweruza kale, ndipo Areeba akadatsala m'kati.

"Bwezeretsani mpiringidzo pa chitseko changa."

"Anthu adzafunsa kuti watani. Mpiringidzo ndi kuvomera kuti china chake chidachitika."

"Ndiye Tauqeer asamuke."

"Ndiyankhula naye."

"Kuyankhula basi?"

"Ndati ndiyankhula naye. Ndipo kamera ikhalapo, ndiikamo disiki ina ya m'thumbamo. Kanyali kakamayaka aziopa."

Pansi padamveka mawu a Areeba akuwerenga ndakatulo ya kusukulu, akulakwitsa pamalo pomwe ankalakwitsa nthawi zonse. Sabahat adakokera kiyibodi pafupi. Zala zake zinkaidziwa njira, zidaiyenda kambirimbiri. Kufufuta kudatenga nthawi, ndipo a Haji sadasunthe mpaka kudatha. Kenako adalembamo femuweya yabodza ija. Sikirini idaonetsa kuti disikiyi sidagwirepo ntchito chibadwire, ilibe bala, sidadwalepo. Adaipukuta ndi kansalu, naimata pepala lonyezimira, naiika m'kathumba kake.

"Isiye pomwepo, ndiitenga mawa popita kusitolo," adatero a Haji. Adatsika pang'onopang'ono, mawondo akulira.

Posakhalitsa Areeba adakwera chothamanga atakumbatira pilo wake, nadzigwetsa pamiyendo pa amayi ake. Sabahat adamununkhiza m'mutu. Tsitsi adali atamuluka Nighat, molimba kwambiri, ndipo adayamba kulimasula.

"Ammi, disiki yachira?"

"Yachira."

"Ndiye yanena chiyani? Agogo amati ikachira inena."

"Yaiwala, mwana wanga."

Kunja njinga yamoto idaima. Geti lidalira, ndipo Tauqeer adalowa akuimba likhweru, akufunsa ngati mphodza zapsa. Padamveka mawu a bambo ake akumuuza kuti asambe m'manja adye.

Sabahat adadzuka nagwira bokosi lachitsulo la madisiki akufa, aja okanika ngakhale kusambitsa. Lidali lolemera ngati mwala wa mphero.

"Bwera undithandize. Tilikankhire kuchitseko."

"Tikusewera chiyani, Ammi?"

"Usakankhe ndi manja, uthyoka. Ika phewa apa, ponda mwamphamvu. Eya, choncho." Bokosi lidakhukhuluzika mpaka lidagunda chitseko. "Mawa udzayese wekha. Uphunzire, ukukula."